Zikomo nonse amene munaima nafe pa matenda a mwana wanga

Abale anga, anzanga a pa Facebook pano ndi amayi anzanga a Mvano, mtsikana wanga wabwerera kusukulu teremu ino ndipo akudya nafe limodzi, ndiye ndati ndisakhale chete ngati palibe chomwe munatichitira. Wandiloleza yekha kuti ndilembe izi, dzina lokha ndi lomwe sinditchula.

Ambiri munkangoona mwana akutha ndipo zokamba zinali mbwee, awa akuti ndi kachilombo, awa TB, ena mpaka akuti walodzedwa poti amakhoza bwino m'kalasi. Magazi tinayezetsa, makhololo tinayezetsa, osapezeka kanthu. Kumapeto kwake adokotala anati ndi anorexia, matenda oti munthu amaopa kunenepa mpaka kumadzimana chakudya, akaima pagalasi akudziona wonenepa pomwe nthiti zikuchita kuwerengeka. Nsima ankangoitsina n'kumaiyendetsa m'mbale kuti tiziti akudya, ikalowa pang'ono ulendo wa kubafa kukadzisanzitsa, mpopi atatsegula kuti tisamve.

Thupi linavutika zedi. Msambo unasiya, tsitsi kumangothothoka, mu Okutobala kutentha konse kuja iye ali mu juzi akunjenjemera. Mtima unkagunda pang'onopang'ono ndipo potaziyamu m'magazi anali atatsika chifukwa cha kusanza kuja, adokotala anatiuza mosabisa kuti zimenezo zimatha kuimitsa mtima. Mano nawo anayamba kudyeka ndi asidi wa m'mimba. Zikomo a nesi amene munandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti tisamuunjikire chakudya tsiku limodzi, poti thupi lomwe lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira zambiri mwadzidzidzi michere ya m'magazi imasokonekera ndipo munthu atha kufa nazo. Tinayamba ndi phala la Likuni, timkaka pang'ono, kenako chiponde, kumawonjezera monga ankatiuzira iwowo.

Koma gwero lake linali m'maganizo. Nkhawa, kukhumudwa, kufuna chilichonse chizimuyendera mosalakwika, kuphatikiza anzake omwe ankamuseka za thupi lake kusukulu yogonera konko ndi timavidiyo ta pa TikTok ta atsikana oonda. Ndiye njalayo payokha imaonjezeranso maganizo, munthu osagona, kupsa mtima msanga, kudzitsekera kuchipinda. Aphungu a ku St John of God, Mulungu akudalitseni, munamumvetsera osamukalipira, ndipo ifenso makolo munatiphunzitsa kukhala naye pa chakudya popanda kukangana.

Zikomo kwambiri mnzake wa m'kalasi amene unalimba mtima n'kundiimbira foni kundiuza zomwe unkaona ku hositelo, mwana iwe unapulumutsa moyo wa mnzako ngakhale anakukwiyira poyamba. Achimwene anga a ku Johannesburg, ndalama zomwe munkatumiza pa Mukuru ndi zomwe zinkatiyendetsa kuchipatala. Amayi busa, munapemphera nafe koma munatinso tisasiye kupita kwa adokotala, mawu amenewo ndi ochepa amene amawanena. Agogo ake, munakhala naye masana onse ine ndili kuntchito ndipo simunanenepo kuti ndi mwano wa ana amakono. Aneba amene munkanditengera ana ang'onoang'ono kusukulu, sindikuiwalani.

Sikuti zatheratu ayi, akupitabe kwa aphungu ndipo masiku ena mbale imamulemerabe. Ndiye ndili ndi pempho limodzi. Mukakumana naye kutchalitchi kapena kumsika chonde musamuuze kuti "eee wanenepa, ukuoneka bwino", ndikudziwa kuti kwathu kuno kumeneko n'kuyamikira koma kwa iye mawu amenewo atha kumubwezera m'mbuyo. Mufunseni za sukulu, za kwaya, za mayeso a MSCE omwe akukonzekera, pamenepo acheza nanu mpaka mutope.