Masiku anayi a maphunziro oteteza njanji mvula isanagwe

Ndikauza anthu kuti ndimagwira ntchito ya njanji koma banja langa lili kwa Chinamwali, amaseka. Amati Zomba ndi sitima zinaonerana kuti? Zoonadi m'tauni muno mulibe njanji. Yathu ili ku Liwonde, makilomita pafupifupi 50 pa msewu wa M3, ija inatsegulidwa mu 1970 yochokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi n'kupitirira mpaka kudoko la Nacala. Ndimakwera minibasi Lolemba m'mamawa, kubwerako Lachisanu. Anyamata awiri amene angolowa kumene m'gulu lathu akhala akundifunsa za maphunziro okonzekera ngozi za nyengo, ndiye ndati ndingofotokoza mmene ine ndinadutsiramo.

Dzina lanu amapereka ndi akapitawo. Likatuluka, tsiku loyamba limathera pa kuyezedwa maso ndi makutu. Amafuna aone ngati mumasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, komanso ngati mumamva bwino. Tengani chitupa, jombo ndi chovala chonyezimira chija. Palibe chovuta, kungoti mzere umatalika, choncho idyeranitu.

Tsiku lachiwiri tinakhala m'kaholo kena ku Zomba konkuno, mu Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Wotiphunzitsa anali madala ena amene anakalambira pa njanji. Sanayambe ndi malamulo. Anatenga choko n'kulemba zaka pa bolodi: 1946, pamene Napolo anatsika m'phiri la Zomba, 1997, madzi atadula njanji ku Chiromo, 2003, mlatho wa Rivirivi utakokoloka kufupi ndi Balaka. Kenako anapitiriza: madzi osefukira a 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. "Taonani mipata yake, ana anga," anatero. Kumtunda kwa bolodi zaka zinali zotalikirana, kumunsi zinali zothinana ngati chimanga chodzala mwana.

Apa m'pamene ndinamvetsa mmene madzi amaphera njanji. Ine ndinkaganiza kuti ngozi ndi madzi odumpha pamwamba pa zitsulo. Ayi. Nkhani imayambira pa kalavati. Mapesi, mchenga, majumbo ndi zitsa zikatseka kukamwa kwake, madzi amaunjikana mbali imodzi ya mtumbira umene njanji yakhalapo, ndipo mtumbirawo umasanduka damu pomwe sunamangidwire zimenezo. Madzi amayamba kulowerera pang'onopang'ono, dothi limafewa, kenako limachoka limodzi ndi miyala ya pansi pa njanji ija. Zitsulo zimatsala zili lende m'malere, masilipa, mitanda imene zitsulozo zimagonapo, ali chimangirire. Woyendetsa sitima akamayang'ana ali patali amaona njanji yowongoka bwinobwino, pomwe pansi pali phompho. Ndipo sitima yodzaza malasha ochokera ku Moatize siima ngati kabaza, imafuna mtunda wautali zedi.

Za kutentha anangodutsamo mwachidule, koma nambala imodzi inandikhala. Chitsulo cha mamita 100 chikatentha ndi madigiri 30 owonjezera chimatalika masentimita atatu ndi theka. Chikasowa kopita chimapindikira m'mbali ngati njoka, makamaka pamene miyala yachepa. N'chifukwa chake sitisokoneza miyala kapena kumasula masilipa masana dzuwa lili paliwombo. Anatiphunzitsanso kuwerenga machenjezo a nthambi yoona zanyengo, kuti tisamangoona mvula ya pamene taima. Kukhoza kukhala ngwee ku Liwonde pomwe m'mapiri a Malosa ndi Chikala yagwa usiku wonse, ndipo madziwo akubwera.

Tsiku lachitatu tinanyamuka mbandakucha kupita kunjanji. Aliyense anapatsidwa kalavati yake kuti aiyendere n'kufotokoza zimene waona. Yanga ndinkaidutsa pamwamba kawirikawiri osaisuzumira. Nditagwada n'kuunika ndi tochi ndinapeza mchenga utafika theka, mphasa yakutha itapingasa, ndi kamtengo ka mkuyu katamera m'mng'alu wa simenti. Ndinabwerera n'kunena monyadira kuti ndi yotsekeka theka. Madala aja anandifunsa kuti, "Nanga kumene madzi amatulukira mwaonako, achimwene?" Ndinali ndisanapiteko. Titazungulira tinapeza madzi a chaka chatha atakumba pansi pa simenti, dzenje loti mwana atha kubisalamo. Kalavati amaiyendera mbali zonse ziwiri, ndipo amayang'ananso mtumbira: ming'alu yotsata njanji, miyala yotsetsereka, chipilala chopendekeka, kapena madzi amatope otumphuka pamalo pomwe palibe kasupe. Madzi oyera otuluka sadetsa nkhawa kwambiri, koma amatope ndiye kuti akunyamula dothi la mkati.

Mayeso enieni anali tsiku lomaliza, ndipo ndinalephera ulendo woyamba. Amakupatsani ovaova, n'kukuuzani kuti tiyerekeze kuti pano pakokoloka ndipo sitima yanyamuka kale. Ine ndinadina batani n'kuyamba, "Mwaswera bwanji, bwana? Pepani kukusokonezani, kuno zinthu zikuoneka ngati sizili bwino kwenikweni." Madala aja anangondilanda ovaova ija. Anati pamene ine ndimapereka moni sitima inali itadya kale mtunda woti ikanaimira. Anzanga anaseka mpaka misozi, koma atatu mwa iwo anachita chimodzimodzi. Tinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba ndi lamulo, ndipo wokonza njanji wamba kuuza a ku ofesi yoyendetsa sitima kuti imitsani zonse, lilime limalemera. Umaganiza kuti nanga ndikaimitsa sitima pachabe, ntchito ithera pomwepa.

Ndondomeko yake ndi yaifupi. Mawu oyamba ndi akuti pali ngozi, sitima zonse ziime. Kenako dzina lanu ndi gulu lanu, kilomita imene mwaima monga yalembedwera pa chipilala, zimene mwaona ndi maso, basi. Wa mbali inayo abwereze zimene mwanena, ndipo musachoke mpaka atabwereza molondola, chifukwa kuphonya nambala imodzi n'kutumiza anthu kolakwika. Mukatero wina athamange ndi mbendera yofiira kumene kukuchokera sitima, wina mbali inayo, chifukwa njanji ndi imodzi ndipo sitima imachokera konsekonse. Usiku ndi nyali yofiira. Kulowa m'madzi othamanga kuti mukatsegule kalavati n'koletsedwa, ngakhale akhale ofika m'maondo. Pa za mantha aja, madala anatiuza mosabisa kuti kuimitsa sitima chifukwa chokayikira si mlandu. Mwa zonse zimene tinaphunzira, ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi amene akapitawo ayenera kumabwereza chaka chilichonse, chifukwa pepala lokha silichotsa mantha a munthu woopa kuchotsedwa ntchito.

Ulendo wachiwiri ndinalemba kilomita pa chikhatho ndi bolopeni, ndinapuma kamodzi, n'kulankhula. Zinatheka. Masana anatiphunzitsa chithandizo choyamba: kuletsa magazi, kugoneka cham'mbali munthu wovuulidwa m'madzi amene akupuma, ndi kuziziritsa mnzako amene wakomoka ndi dzuwa. Tinasayina m'buku, satifiketi inabwera patapita masabata angapo.

Chinthu chimodzi sichili pa ndondomeko koma akuluakulu onse amachita. Popeza sitingakhale pa kalavati iliyonse usiku, timasiya nambala ya foni kwa amfumu ndi kwa mabanja okhala m'mbali mwa njanji, chifukwa ndi iwo amayamba kumva mtsinje ukalira. Ine ndinasiya yanga kwa gogo wina amene munda wake wagundana ndi kalavati yanga ija. Anandilandira ndi chigumu, n'kundiuza kuti mapesi amene anali pakamwa pa kalavatiyo ndi ake, amaunjika pamenepo chaka chilichonse akamasosa. Tinagwirizana kuti aziunjika kumtunda kwa chulu, ndipo Loweruka lotsatira ndinabwera ndi anzanga awiri, mafosholo ndi wilibala, kudzachotsa mchenga uja.