Azakhali anandiposa pa mayeso a Stroop

Mtima wakhala m'malo tsopano. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mayeso a Stroop, otchula mtundu wa inki m'malo mowerenga mawu olembedwawo. Ndinaloweza ndithu kuti John Ridley Stroop anawafalitsa mu 1935, koma chimene amapima kwenikweni sichimalowa m'mutu. Ine ndinkayesa ndi mpikisano wa liwiro basi.

Loweruka ndinadula makatoni, n'kulemba RED ndi inki ya buluu, GREEN ndi inki yofiira, n'kukwera minibasi kupita kwa azakhali ku Kalingalinga. Iwo sukulu analekezera giredi 3, Chingerezi sawerenga. "Azakhali, munditchulire mtundu wa inki wokha, zolembedwazo zisiyeni." Anatchula makadi onse osajejema, uku manja akusadzula chibwabwa. Itafika nthawi yanga, msuweni atagwira foni kuwerenga masekondi, lilime linayamba kukoka. Diso likuona buluu, pakamwa pakufuna kunena "redi". Azakhali kuseka: "Iwe ndiye wophunzira uja?"

Pamenepo m'pamene zinanditsegukira. Chimene timapima ndi kusiyana kwa nthawi, pakati pa kutchula mtundu wopanda chosokoneza ndi kuutchula pamene mawu akutsutsa. Kwa ife kuwerenga kunasanduka chizolowezi, maso amawerenga osatumidwa, ndiye ubongo uyenera kukankhira mawuwo pambali kaye. Masekondi owonjezerawo ndi a ntchito yokankhayo. Azakhali analibe choti akankhe. Si kuti chidwi chawo chimaposa changa (kapena chimaposadi, kaya), mayesowo sanawagwire n'komwe.

Ngakhale d2 ya Rolf Brickenkamp, mayeso ena opima chidwi, ndayamba kuionera momwemo: mizere 14, masekondi 20 pa mzere, kusaka d wa timizere tiwiri pakati pa ma p ndi ma d ena. Ntchito yaikulu ili pa kusiya zofanana nazo.

Ndikuuzeni anzanga, kudzipangira makadi n'kuyesa abale kumaposa buku lililonse. Aphunzitsi athu anathamanga nawo mutu wonsewu ola limodzi, masilaidi okhaokha, popanda ndi mmodzi yemwe wogwira khadi. Ukafunsa, akuti kawerengeni. Nthawi yake iti, ma assignment atatu ali pakhosi?

Chondisowetsa mtendere n'chakuti kuno ku Lusaka timalankhula Chinyanja ndi Chibemba koma ambiri timawerenga kwambiri Chingerezi. Ndikalemba "kufiira" ndi inki ya buluu, ndingajejeme chimodzimodzi? Usiku ndinadziyesa ndekha, zinaoneka zopepukirako, koma makadiwo ndinalemba ndine, mwina ndinangowaloweza.