Zikomo Amayi a ku Sheffield, mwana wathu wadzuka

Abale a kuno ku Bembeke, a ku Dedza boma, ndi nonse amene mwakhala mukutifunsa: mwana wathu wa ku England uja wachira. Chibayo chatha, wayambanso ntchito yake yosamalira okalamba, ndipo pafoni wayamba kuseka. Mmene zinalili mukudziwa kale, sindibwereza. Tatopa, Novembala yense tulo tinalibe, koma Mulungu sanatitaye.

Zikomo a mphakati wathu amene mumabwera madzulo kudzachita nafe kolona. Zikomo achimwene amene munatibwereka foni yabwino kuti tizimuona nkhope.

Koma ndiloleni ndigwade kwa Amayi a ku Sheffield. Dzina sinditchula, sakonda zimenezo. Kwawo ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano, ndipo ku England akhalako zaka zambiri. Si achibale athu, anangomuona mwanayo kutchalitchi akutsokomola. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayi inu mwatisonyeza ndi manja anu. Zimene anamuphunzitsa ndizilemba pano, chifukwa ambiri a inu ana anu ali pamzere wonyamuka.

Anayambira pa chipinda. Kuseri kwa bedi khoma linali lakuda ndi chuku. Mwana amaopa bilu, ndiye hita osayatsa, mawindo otseka usana ndi usiku, zochapa kuyanika momwemo. Nthunzi ya zovala, ya mphika ndi ya mpweya wa munthu ikagunda khoma lozizira imasanduka madzi, chuku n'kumera, ndipo chifuwa sichipola m'malo otero. Lamulo la Amayi: chipinda chisatsike madigiri 18, windo litseguke mphindi 10 kapena 15 m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, mphika uvundikiridwe, bedi lisagunde khoma. Chuku chikapitirira, jambula, umulembere mwini nyumba, osangomuuza pakamwa.

Zachipatala anachita kumukoka dzanja. Munthu ukangofika uyenera kulembetsa kwa dokotala wa dera lako, amene amati GP, usanadwale, ndipo kulembetsako n'kwaulere. Ukadwala usiku ndipo sukudziwa chochita, imba 111. Zikafika pothina kupuma, 999. Anamuuzanso kuti azimwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku. A zaumoyo kumeneko amalangiza anthu kumwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi chifukwa dzuwa limachepa mphamvu, ndipo ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse.

Komatu chimene chimamudya mwanayo kuposa chifuwa ndi mdima. Ife a ku Dedza timadzitama kuti chisanu timachidziwa. Inde, Juni kuno amaluma, koma ikamakwana 10 koloko dzuwa latuluka, munthu waothera. Uko mphepo imabwera ndi kamvula kosatha. Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo kusiyana kwa nthawi ndi kuno kumachoka pa ola limodzi kufika pa awiri. Pofika kumapeto kwa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Wogwira shifiti ya usiku amagona kukucha, kudzuka kwada kale. Sabata imatha osaliona dzuwa, chakudya osachifuna, foni osayankha. Makolo, mwana akayamba kuyankha mochedwa nyengo imeneyi musathamangire kunena kuti wanyada.

Apa ndi pamene Amayi a ku Sheffield anaposa tonse. Mwanayo atangopeza mphamvu, tsiku lililonse lopuma amamutulutsa panja, afune asafune. Poyamba paki yapafupi, mphindi 30 masana dzuwa lili pamwamba. Kenako sitima yopita ku Grindleford, ulendo wa mphindi pafupifupi 15, kukayenda m'nkhalango ya Padley Gorge m'mbali mwa kamtsinje, masamba atafiira n'kumayoyoka. Atalimba anapita naye ku Edale kukakwera Mam Tor. Phiri lake ndi mamita 517 okha, pamene tauni ya Dedza payokha ili pafupifupi mamita 1,600, koma musalipeputse: pamwamba pake palibe mtengo wotchinga mphepo. Malo onsewa ali mu Peak District, national park (dera lachilengedwe lotetezedwa) yoyamba ku Britain, ya mu 1951, ndipo kuyendamo salipiritsa.

Ulendo wotere uli ndi mwambo wake. Uone zanyengo usiku wake ndiponso m'mawa. Unyamuke cha m'ma 9, ndipo 3 koloko ikupeze ukulowera kusiteshoni, chifukwa njira za kutchire zilibe magetsi. Zovala zikhale zitatu zosanjikiza: chamkati chouma msanga, juzi, ndi jekete yosalowa madzi. Chijekete chimodzi cholemera chimakutulutsa thukuta pokwera, ukangoima n'kuzizidwa. Jinzi ayi, ikanyowa siuma. Nsapato zikhale zamano kunsi, chifukwa masamba onyowa pamwala amaterera koopsa. Chipewa, magolovesi, tiyi mufulasiki, foni yodzaza moto. Zonsezi Amayi anamusankhira m'ma charity shop, kaunjika wa kumeneko. Ukadutsa pageti la famu ulisiye mmene walipezera, muli nkhosa za eni ake.

Ichi chokha ndikupemphani muwauze ana anu lero lomwe: bowa wa uko asazule. Mwana wokulira kuno, wozolowera utale wa pamsewu wa M1, akaona bowa m'nkhalango dzanja limapita lokha. Uko kuli wina wotchedwa death cap, wotuwa mobiriwirako, womera pansi pa mitengo ya oak nyengo yomweyi. Kuwiritsa sikuchotsa poizoni wake. Munthu amadya n'kukhala bwinobwino maola 6 kapena kuposa, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba, chiwindi chikuwonongeka. Chimodzimodzi mtedza wogwa m'mapaki: conker, wa chikhokhombe cha minga yochepa yokhuthala, sadya; wodyedwa ndi sweet chestnut, wa minga yambiri yopyapyala. Amayi anachita kumugwiritsa zonse ziwiri m'manja kuti asadzasokoneze.

Pobwerako amakathera kunyumba kwawo, nsima ya ufa wa kushopu ya zakudya za ku Africa, ndiwo masamba otchedwa kale othira tomato, ndi nyemba. Pa 5 Novembala anamugoneka konko dala, podziwa kuti makombola a Bonfire Night, chikondwerero cha usiku umenewo, amamuopseza mlendo amene ali yekha m'chipinda. Ndani angaganizire mwana wa eni mpaka pamenepo? Ambuye akusungireni ana anu, mayi, akupatseni moyo wautali, ndipo pakhomo panu pasasowe chakudya.

Kwa ena amene nambala yake mumaikumbukira pakutha pa mwezi pokha, amene munafunsabe ngati watumiza ndalama iye ali m'chipatala, sitikusungirani mangawa. Koma tinaona.

Misa yothokoza ichitika Lamulungu likubwerali. Loweruka lotsatira tidzapita ku Tsangano kukaonekera kwa abale a Amayi, ndi nkhuku ndi thumba la nyemba. Amene mukufuna kutiperekeza tikumane pa Lizulu 8 koloko m'mawa.