Mota ya galaja ija yadzuka, koma yolakwa sinali iyo

Amene mumatsata zamisala zangazi mukudziwa kale kuti Loweruka ine ku mpira sindipezeka, ndimakhala ndikumasula zinthu zakufa, mawailesi, ma drill, tima pampu. Ulendo uno ndalimbana ndi mota ya chitseko cha galaja pa nyumba yomwe tikuchita lendi kuno ku Germiston. Kwathu ku Zomba galaja tinkangodziwa kokonzetsa galimoto basi, geti amatsegula ndi mwana, ndiye nditafika ku Joni zoti chitseko chimanyamuka chokha ukadina rimoti zinandikomera ngati mwana wa sitandade 1 kkkk.

Loweruka loyamba

Zinayamba kalekale kungoti ine ndimkanyozera. Chitseko chimakwera mokoka mwendo, chikafika pakati nkumanjenjemera, mota nkumabuula ngati ng'ombe yangolo pa chitunda. Kenako Lachinayi mmawa madamu akufuna kutuluka, adina rimoti, mota ikulira bwinobwino koma tcheni chokoka chitseko chili duu. Anakwera taxi tsiku limenelo ndipo mawu amene ndinalandira madzulo ake sindingawalembe pano.

Ndakwera pa makwerero ndamasula chivindikiro cha mota, abale, mkati monse mwayera ngati muchigayo. Tiufa toyera mbee pa bodi, pa mawaya, pena paliponse. Giya ya pulasitiki ija imene imalumana ndi kachitsulo kozungulira ka mota yadyeka mano onse, yasalala ngati nkhama za agogo. Giyayi amaipanga ya pulasitiki dala, kuti zinthu zikavuta izidyeka iyo mota nkupulumuka, ndiye pamenepo ndinati aaa nkhani yaing'ono iyi, giya yatsopano, girizi, basi tathana.

Loweruka lachiwiri

Giya ndinaipeza pa shopu ina ya zamageti, ndaika, ndapaka girizi, ndakunga tcheni. Chitseko chinatseguka inde koma kubuula kuja kulipobe, ndipo nditakhudza mota itangoyenda kawiri inali yotentha moti dzanja sungalisiyepo nthawi. Mdala wina wa ku Mozambique amene amakonza mageti mdera lathu lino anaima pa mpanda kumandiyang'ana, kenako akuti achimwene, mwakoka kale chingwe chofiiracho? Ine ndimvekere chingwe chalowapo bwanji.

Apa ndipomwe ndinaphunzira chinthu choti ndikanachidziwa kale sindikanataya ndalama. Mota ija ntchito yake si kunyamula chitseko ayi. Chonyamula ndi ma spring aja ali pa chitsulo chopingasa pamwamba pa khomo, amapotedwa nkusunga mphamvu, mota imangokhala ngati mwana wotsogolera ng'ombe. Ndiye poyesa umatseka chitseko kaye, nkukoka chingwe chofiira chija kuti chisiyane ndi mota, kenako nkuchikweza ndi manja mpaka mchiuno nkuchisiya. Chikakhala bwino chimangoima pomwepo. Changa nditachisiya chinatsika ndi ukali, phiii, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Ndinatenga sikelo ya madamu ya kubafa ija ndaika pansi pa chitseko, ikuwerenga makilo 24. Tangoganizani, ka giya ka pulasitiki kosaposa chibakera kamanyamula thumba la makilo 24 mmawa ndi madzulo, miyezi kaya ingati. Chitseko chathu ndi cha magalimoto awiri, pafupifupi mamita 4.8 mulifupi ndi 2.1 kutalika, cha matabwa a meranti, ndipo vanishi anatha kale kale moti mvula ya kuno ya October mpaka March matabwa amamwa madzi nkumalemera kuposa pomwe ma spring anawayezera.

Usiku ndinakhala pansi ndi pepala. Spring wamba amaipangira maulendo 10,000, ulendo umodzi ndiye kutsegula ndi kutseka. Ife pakhomo pano timatsegula ka 6 patsiku, ine, madamu, komanso ana amene amalowera ku galaja chifukwa kiyi wa kumaso anataya. Pachaka ndi 2,190, ndiye kuti zaka 5 sizikwana spring yatopa. Alandilodi nditawafunsa kuti ma spring anasinthidwa liti anangoseka, akuti kodi zimenezo zimasinthidwanso?

Loweruka lachitatu

Ma spring sindinawakhudze ndekha ndipo musandiseke. Ine ndimakonda kugwiragwira zinthu koma chitsulo chopotedwa chija chikaphonyoka chimathyola dzanja kapena chibwano, pamafunika ndodo zake zachitsulo zolowa bwino mmabowo, osati screwdriver ngati momwe ena amachitira pa YouTube. Alandilodi anavomera kulipira, anabwera mdala uja, anasintha onse awiri ngakhale imodzi imaoneka yabwinobwino, akuti zinabadwa tsiku limodzi zimafanso motsatana. Ndimamuonerera akupota pang'onopang'ono, kota kota, akuwerenga chamumtima, mutu atauika pambali osati kutsogolo kwa ndodo. Atamaliza chitseko ndinachikweza ndi dzanja limodzi, kuchisiya mchiuno chili njo.

Zotsalazo ndiye zanga. Timawilo ta mmbali tinali tachitsulo, titatu tagwa ma bearing tikungokhwekhwereza mu njanji, ndasintha tonse 10 ndaika ta nylon, phokoso latsika moti mwana wogona chipinda cha pamwamba pa galaja sakudzukanso ndikamachoka 5 koloko. Cholakwa china chinali changa ndivomere: chaka chatha ndinapaka girizi wambiri mu njanji poganiza kuti ndikuthandiza, osadziwa kuti fumbi la kuno likasakanikirana ndi girizi limasanduka phala louma, makamaka June ndi July kukazizira. Ndachotsa zonse ndi parafini ndi kansanza, njanji imafuna kukhala youma. Girizi woyera uja wa lithium ndapaka mmahinjesi, pa ma spring pang'ono ndi pa tcheni basi. Tcheni nachonso ndinali nditachikunga kwambiri sabata ija, ndachimasulako, chikakungika ngati ng'oma chimakoka kasproketi, kagiya koyendetsa tcheni, nkudya bush ya pamwamba, kamphete kamene kachitsulo ka sproketiyo kamazunguliramo.

Lamulungu

Ndinapezanso kuti wina mmbuyomu, kaya ndi amene ankakhala muno ife tisanabwere, anakweza mphamvu ya mota mpaka kumapeto kuti izikakamiza chitseko cholemeracho. Zimenezi ndi zomwe zinandiopsa kuposa zonse, chifukwa mota yotero ikapeza mwana pansi siibwerera msanga. Ndatsitsa, ndaika thabwa lochindikala masentimita 4 pansi pakati pa khomo, ndadina rimoti, chitseko chitangogunda thabwalo chabwerera mmwamba chokha. Ndayesa katatu kuti mtima ukhale pansi.

Mabatire a mota, amene amaiyendetsa magetsi akazima, ndiye nkhani ina. Load shedding ya 2023 ija inawapha, mabatire a lead acid safuna kutheratu moto kawirikawiri ndipo nthawi imeneyo amatha asanadzadze magetsi azimanso. Ndayeza ndi mita, limodzi likuonetsa mavolti 12.6, linalo 10 ndi kakuti, ndiye magetsi akazima chitseko chimakwera theka nkuima. Ndisintha onse awiri mwezi ukatha, pano thumba lapyapyala.

Mota pano ikuyenda mwakachetechete, ukaikhudza yangofunda pang'ono, ndatsegulanso chivindikiro dzulo ndikuunika ndi tochi ya foni palibe kaufa ngakhale kamodzi. Giya yakale ija ndaikoloweka pa msomali pafupi ndi ma sipanala. Ana ndawadulitsira kiyi wa kumaso, R40 yokha, maulendo a chitseko atsika kufika 4 patsiku ngakhale wamng'onoyo akudandaula kuti rimoti imakoma. Loweruka likubwerali ndi sandpaper ndi vanishi mvula isanayambe, komanso labala ya pansi pa chitseko yang'ambika mbali ya kumanzere makoswe akulowera pomwepo. Amene munapakako meranti mundiuze ngati makoti awiri akukwana kapena ndipite atatu.