Mersenne wa ku Kasama

Mayi a kunyumba akamachapa, matumba onse amayamba apisamo. Loweruka lina m'thalauzi langa anatulutsamo kapepala kolembedwa ndi dzanja langa: "Mersenne, 2147483647, sagawika."

Ine ndimaphunzitsa masamu kuno ku Chipata, ndipo kapepalako kanali ka phunziro la Lolemba. Pobwera kuchokera kumsika wa Kapata ndinapeza mipando ili pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe atakhala kale, mlamu wanga ali chilili. Moni anandiyankha ndi galu yekha.

"Bambo a ana, Mersenne ndi ndani?"

Ndinaseka. Apa mpamene zinaipira.

Mlamu, amene anagwirako ntchito kumpoto, anatenga kapepala n'kunena kuti 214 ndi chiyambi cha mafoni a ku Kasama. "Mubemba! Chimbuya chanucho mwafika nacho patali, alamu." Ndinati awerenge bwino, manambala achuluka ndi imodzi. Iye anati yapamwambayo ndaiwonjezera dala kuti ndiwasokoneze.

Ndinayamba kufotokoza monga m'kalasi. Mukachulukitsa ma 2 okwana 31 mumapeza 2,147,483,648, ndiye muchotsepo 1. Yotsalayo palibe nambala imene ingaigawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Manambala osagawika opezeka mwa njira imeneyi ndi osowa: 3, 7, 31, 127, kumapita, ndipo iyi ndi yachisanu ndi chitatu. Leonhard Euler anaitsimikizira mu 1772, wopanda makina alionse. Mwatsoka ndinawonjeza kuti ndi yokongola kwambiri.

"Wokongola, wosowa, wosagawika," anatero mayi, akuwerenga pa zala. "Ogawika ndife, eti? Kumunda ine, kumsika ine, kwa apongozi ine."

"Amake ana, manambalawa anawatcha dzina la Marin Mersenne, ndipo iye anali mwamuna! Wansembe wa ku France, anamwalira mu 1648!"

Ankhoswe anapukusa mutu. "Mphwanga, pa mabodza onse, wasankha kunamizira wansembe, womwalira kale?"

Kenako anati mlandu suweruzidwa pakamwa pokha. Ngati nambalayo sigawikadi, ndiye kuti ndanena zoona. Mlamu anatulutsa foni. Pa 2 inakana, pa 3 inakana, pa 7 inatulutsa mchira wautali. Anafunsa kuti ayesa mpaka pati. Pakamwa pa mphunzitsi sipadziwa kudzipulumutsa: ndinati mpaka 46,340, chifukwa kupitirira apo n'kungobwereza, ndipo osagawika okha ndiwo ofunika kuyesa.

Chigamulo chinali chakuti nkhuku imodzi ipite kwa ankhoswe chifukwa cha ulendo, ndipo ine ndizigona pamphasa pabalaza mpaka mlamu atamaliza kugawa. Ndalama za mayunitsi ndi zotchajira foni, zanganso.

Dzulo ndinamuimbira kufunsa pamene wafika. Akuti ali pa 37, koma foni yayamba kutentha, ndimutumizireko ya batire latsopano.