Chipewa changa chinatsalira ku Milwaukee

Mwana wanga atandiuza kuti mumzinda wa Milwaukee, ku America, muli chikumbutso cha Bambo James Groppi, ndinati ndipita ndekha, sindine khanda. Iye atapita kuntchito, ine ndinatchena: suti, tayi, ndi chipewa chimene ndimavala Lamulungu lokha. Maganizo anga anali pa chiboliboli chachikulu ngati cha Kamuzu ku Area 18, pojambulitsa chithunzi choti akumudzi adye nacho mutu.

Nanga ndikanaganiza chiyani? Groppi anali wansembe wa Katolika, mzungu, amene mu Ogasiti 1967 anayamba kuguba ndi achinyamata akuda a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kufuna lamulo loti munthu asamamanidwe nyumba chifukwa cha khungu lake. Anaguba masiku 200 osadumphitsa, akugendedwa miyala ndi mabotolo, ndipo pambuyo pake lamulo linabwera mu 1968. Munthu wotere sangamumangire kamwala.

Takisi inanditula pa 16th Street, m'mphepete mwa mlatho wautali ngati ulaliki wa pamaliro. Ndinawoloka, maso uku ndi uku. Chiboliboli ayi. Ndinabwerera, nsapato zatsopano zikundiluma zidendene. Ndili pakatikati, kunabwera chimphepo chozizira, chipewa chija pululu! Ndinachiperekeza ndi maso chikutsetsereka m'chigwa cha Menomonee, kukagwa pafupi ndi njanji. Dazi linatsala pamtetete.

Poimira basi ndinapeza agogo ena achikuda.

"Pepani mayi, chikumbutso cha Groppi chili pati?"

Anayang'ana dazi, anayang'ana suti, n'kuloza kumene ndimachokera. "Bambo, mwachiponda kale."

Kani mlathowo ndiwo chikumbutso! Dzina lake ndi James E. Groppi Unity Bridge, ndipo ndi pomwepo pamene ankawolokera. Chikwangwani ndinachidutsa kawiri ndikusaka munthu wamkuwa.

Atamva kuti ndine wa ku Malawi, agogowo anaseka mpaka kutsamira ndodo. Akuti kale anthu ankautcha mlatho wautali kwambiri padziko lonse, wolumikiza Africa ndi Poland, chifukwa kumpoto kunkakhala akuda, kummwera azungu ochokera ku Poland. "Ndiye inu mwachokeradi ku Africa, mwakafika ku Poland, n'kubwerako wapansi!"

M'basi anandiuzanso kuti Groppi anadzasiya unsembe, anakwatira, n'kuyamba kuyendetsa basi zamumzindamo. Ine ndinkangosisita dazi.

Madzulo mwana wanga anafunsa kumene kuli chipewa. Ndinati pachikumbutso sapita chimanjamanja, ndipo nkhata yamaluwa ndinalibe.