Lachitatu: Mabuku Akale a ku Massachusetts

Ntchito ya lero inali yolemba m'kaundula mabuku akale okhudza banja ndi mapemphero, makamaka kusiyanitsa kuti gawo liti analemba ndani. M'zaka za m'ma 1600 ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America, mawu a mayi sankafika okha kosindikiza. Kawirikawiri pankakhala bambo wina wowatsegulira njira, winanso wowatsekera kumbuyo.

M'mawa tinayamba ndi buku la Mayi Mary Rowlandson la 1682. Mayiwa anagwidwa ku Lancaster, tauni ya ku Massachusetts, pa nkhondo ya atsamunda achingelezi ndi eni nthaka, anakhala m'manja mwawo pafupifupi milungu 11, kenaka anaomboledwa ndi mapaundi 20. Bukuli lili ndi zigawo zitatu: mawu oyamba a munthu amene anabisa dzina lake (ambiri amati ndi m'busa Increase Mather), nkhani ya mayiwo, ndi ulaliki wotsiriza wa amuna awo, m'busa Joseph Rowlandson. Gawo lililonse lilowe m'kaundula palokha, apo ayi mawu a abusa adzayesedwa a mayiwo.

Msampha uli pa deti. Bukuli likuti anagwidwa pa 10 Febuluwale 1675, koma kufikira 1752 chaka cha Angelezi chinkayamba pa 25 Marichi. Mwa kawerengedwe ka lero ndi 1676. Choncho timalemba 1675/6.

Masana inali nthawi ya Mayi Anne Bradstreet, ndipo apa m'pamene ambiri amasokera. Buku lawo loyamba, The Tenth Muse, linatuluka ku London mu 1650 atalitengera kumeneko mlamu wawo John Woodbridge. Wofuna ndakatulo zachikondi zopita kwa amuna awo, a Simon, sangazipeze m'menemo. Muli ndakatulo zitalizitali za nyengo zinayi za pachaka ndi maufumu akale, zotopetsa ndithu kuwerenga. Zabanjazo zinalowa m'buku la ku Boston la 1678, losindikizidwa ndi John Foster patapita zaka 6 mayiwo atamwalira. Malingaliro auzimu amene analembera mwana wawo, pamodzi ndi ndakatulo ya nyumba yawo yomwe inapsa mu Julayi 1666, zinakhala m'kope lapamanja mpaka 1867. Ndiye musanatchule ndakatulo iliyonse, onani kaye chaka cha buku limene mwagwira.

Buku lisanalembedwe kuti ndi lathunthu timawerenga masamba. Pansi pa tsamba lililonse, kudzanja lamanja, osindikiza ankaika liwu loyamba la tsamba lotsatira. Likapanda kugwirizana, pali tsamba losowa kapena losokedwa pamalo olakwika. Palinso zilembo zapansi, A, A2, B, zosonyeza mitolo ya mapepala. M'timabuku ting'onoting'ono totere pepala limodzi lalikulu linkapindidwa katatu, n'kutulutsa masamba 8, lililonse lolembedwa mbali zonse ziwiri. Mtolo ukakhala ndi 7, fufuzani pamsoko, mupeza kachidutswa kotsalira. Gwirani ndi manja osamba ndi ouma, osati magolovesi, chifukwa amapha nsonga za zala ndipo pepala limang'ambika mosavuta. Buku ligone pa kapilo, musalikakamize kutseguka lonse.

Chamadzulo tinafufuza pa kompyuta m'makope ojambulidwa. Kalelo panali "s" wamtali wofanana ndi "f", ndipo makina owerenga zilembo amawasokoneza. Mukafufuza "house" zambiri zikudutsani, lembaninso "houfe". Ndi maso kusiyanitsa n'kosavuta: kamzere ka "f" kamadutsa mbali zonse ziwiri, pomwe ka "s" wamtali kamakhala kumanzere kokha, ndipo "s" wamtaliyu sakhala kumapeto kwa liwu.

Latsalira mawa ndi buku la Mayi Abigail Abbot Bailey a ku New Hampshire, amene anasudzulana mu 1793 ndi mwamuna wankhanza. Amene analitulutsa mu 1815 ndi m'busa Ethan Smith, mayiwo atamwalira kale, choncho ntchito idzakhala yolekanitsa ndemanga za abusawo ndi mawu a mwini nkhani.